Za Mantha, ndi za Kupala Moto kwa Mnansi

Ife tonse amene tinakulira m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje tikumbukira tsiku lija tinayamba kuoloka madzi odzala. Munali m'dzinja, mvula itagwa usiku wonse ku mapiri, madzi ali ofiira ndi matope, alikukokolola zinyalala ndi nthambi za mitengo. Ndipo ife tinaima pa dooko, miyendo iri njenjenje. Amai anali atatiuza kale kunyumba kuti tisaope, koma mau aowo anatsalira kunyumba komweko. Amene anatiolotsa ndiwo atsibweni, amene anapinda nsalu yao, nalowa m'madzi osanena kanthu, natembenuka ali pakati, madzi alikuwalekeza m'chiuno, nati, "Tiye, mwanawe, uponde pamene ndaponda ine." Ndipo tinaponda, tinaoloka, tinafika tsidya lija mtima ulikugunda ngati ng'oma.

Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha pamodzi ndi inu mwezi uno ndi ili: mwana uja anaoloka ndi mtima wa yani? Wake kodi, kapena wa atsibweni ake? Ukakhala wa atsibweni, nanga adzaoloka bwanji tsiku limene iwo adzakhala atagona ku manda? Kapena wina adzati funso ili nlachibwana. Koma ife tiyesa kuti pa ilo papachikika zinthu zazikulu, pakuti mudzi uli wonse ndi mpingo uli wonse uli nayo mitsinje yake yoti anthu aoloke, ndipo akulu odziwa madooko alikutha mmodzimmodzi.

Tiyambe tabvomera kuti si mantha onse ali oipa. Munthu wosaopa ng'ona sali wolimba mtima, ali wopusa, ndipo masiku ake pa dooko ali owerengeka. Mantha otere Mulungu anawaika mwa ife monga galu wa pakhomo, wouwa pakudza choopsa. Ndipo iye wakupha galu wake chifukwa amsokosera usiku adzaberedwa mbuzi. Sitinena za mantha amenewo. Tinena za ena aja omanga munthu manja ndi pakamwa pa nthawi imene adziwa bwino lomwe choyenera kuchita: kuopa maso a anthu, kuopa mfiti, kuopa kusekedwa, kuopa kukapimitsa mwazi ku chipatala thupi lirikutha, kuopa kuchita umboni pa bwalo pamene wolakwayo ali mwini chuma.

Mantha amenewa ali nalo khalidwe limodzi limene tiyenera kulizindikira, ndilo lakuti samva mau. Ife alaliki ndi aphunzitsi tichedwa kubvomera ichi, pakuti mau ndiwo khasu lathu. Koma yesani kuuza munthu wogwidwa ndi mantha zifukwa khumi zakuti asaope. Mutu wake udzabvomera zonse khumi, miyendo nikana. Pakuti mantha ali nacho chiphunzitso chao chimene amnong'oneza munthu usana ndi usiku, chakuti njira iyi sanapitepo munthu nakhala ndi moyo. Ukanena zoona pa bwalo ili watha. Ukakana mwambo uwu sudzadya zamasika. Chiphunzitso chotere sichigonja ndi mtsutso, chifukwa wamanthayo ayankha mumtima mwake kuti, uyu anena chomwechi popeza sali pamene ndiri ine. Koma wina akalowa m'madzi omwewo ife tirikupenya, natulukira tsidya lija wamoyo, pamenepo mantha agwidwa bodza pamaso pa mboni, ndipo mbonizo ndiwo maso athu omwe.

Kuti tisangoyenda m'mafanizo, titenge mbiri ya munthu amene manda ake ali m'dziko lathu lomwe lino. M'chaka cha 1876, Dr. James Stewart wa sukulu ya Lovedale, ku South Africa, anafunsa ophunzira ake ngati alipo ofuna kupita ku Nyanja kukathandiza nchito ya misyoni ya Livingstonia, imene inali itangoyambika pa Cape Maclear chaka chapitacho. Anasankhidwa anai: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi sanali wa maphunziro ambiri, pakuti analowa sukulu ali wamkulu kale, atayamba wagwira nchito ya ngolo ndi zina zotere. Ndipo podzipereka anadziyesa woyenera nchito zapansi zokha, monga kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Wauchope anadwala panjira, nabwezedwa asanaione nyanja. Mngunana anamwalira m'chaka cha 1877. Ntintili anagwira nchito zaka zowerengeka, nabwerera kwao. Wotsala anali wotema nkhuni uja.

Masiku amenewo mapiri a kumpoto anali m'manja mwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, amene makolo ao anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 alikutsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku lija dzuwa linada usana. Sitinena izi kuti tinyoze abale athu Angoni, pakuti inali nyengo ya nkhondo ndi ya malonda a akapolo ponseponse, ndipo mitundu yambiri inali ndi mwazi m'manja. Koma nzoona kuti dzina lao linali loopsa. Atonga a m'mbali mwa nyanja anakhala opanikizana m'malinga, ndipo mkazi popita kumunda m'mawa sanadziwa ngati adzabwerako madzulo. Amisyoni, amene anasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, anaona kuti nchito yao siidzakhazikika kunyanja pakapanda mtendere ndi eni mapiri. Koma adzakwera ndani kukakhala kumeneko?

Anakwera Koyi. Chinenero cha kwao chinali chapafupi ndi Chingoni, kotero kuti anamvana nao popanda womasulira, ndipo anali atayamba kale kuwayendera m'zaka za 1878 ndi 1879. M'chaka cha 1882 anakhazikika pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, wopanda linga, wopanda asilikari omsunga. Dr. Walter Elmslie, amene anafika pa Njuyu m'chaka cha 1885 ali mnyamata wosadziwa chinenero kapena mayendedwe a pa bwalo la Angoni, anasimba za iye m'buku lake la 1899, nampatulira mutu wathunthu wa chikumbutso. Mwa zimene anasimba muli ichi, chakuti tsiku lina Koyi anakomana ndi ankhondo amene anamdzera ndi mikondo alikumuopsa. Ndipo iye sanathawa, sanakweza mau, sanagwira chida, koma anakhala pansi phee, monga munthu wopuma pa ulendo, kufikira ukali wao unaphwa. Tisayese kuti mtima wake sunagunda. Mikondo anaidziwa koposa ife oiwerenga m'mabuku. Koma anadziwanso kuti wothawa aitanira mkondo kumsana kwake, ndi wokalipa auitanira pachifuwa. Ndipo koposa zonsezi, moyo wake anali ataupereka kale kwa Mwini wake, kotero kuti ouopsezawo analikuopseza chinthu chimene sichinalinso m'manja mwake. Tizindikirenso ichi, pakuti ambiri achiphonya: pa Njuyu mzungu wophunzira za mankhwala ndiye anaponda pamene anaponda munthu wakuda wa maphunziro ochepa.

Inkosi ndi nduna zake analola kuti Mau alalikidwe, koma sukulu anaikana zaka zingapo. Chifukwa ninji? Anaopa kuti anyamata akadziwa buku adzaleka nkhondo, mtundu nufoka. Taonani, abale, ngakhale eni zikopa anali nao mantha ao. Ndipo kawirikawiri lamulo lolimbitsitsa m'mudzi likhala lobadwa mwa mantha a akuluakulu. Tsono m'masiku omwewo a chiletso, anyamata ena apachibale a kwa Tembo, ana a sing'anga wodziwika, anayamba kudza ku nyumba ya misyoni usiku, monga Nikodemo, kudzaphunzira kuwerenga, nabwerera kusanache. Mnyamata wolumpha chiletso cha bwalo masiku amenewo sanali kusewera ndi kanthu kakang'ono. Nanga anautenga kuti mtima wotere? Sanautenga m'buku, pakuti buku anali asanalidziwe. Ife tiyesa kuti anautenga m'maso mwao. Anali ataona, chaka ndi chaka, munthu wa khungu lao ndi wa chinenero chonga chao, wosabvala chithumwa, wosakonza mudzi wake ndi nsupa, woopsezedwa kawirikawiri, koma wogona tulo, nadzuka, nalonjera omuopsawo mwaulemu. Ana a sing'anga adziwa koposa ena chimene anthu aopa ndi umo alipirira kuti mantha ao apepuke. Ndipo pano panali munthu wosalipira kanthu, nakhalabe ndi moyo.

M'dzinja la kuchiyambi kwa 1886 mvula inakanika, ndipo zitalephera nsembe, akulu anadza kwa amisyoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Anapemphera, mvula nigwa. Patapita miyezi yowerengeka bwalo linalola sukulu. Koma mau a chilolezo anampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa, ndipo pa 4 June 1886 anamwalira, ali ndi zaka ngati 40, naikidwa pa Njuyu pomwepo. Sanaona Mngoni ndi mmodzi yemwe alikubatizidwa.

Pano ndipo pabwera wotsutsa, ndipo timpatse mpando, pakuti mau ake ali ndi nzeru. Iye ati, kulimba mtima kotengera kwa wina kunga nsalu yobwereka. Uibvala pa ukwati, anthu nakutama, koma mwini akaifuna utsala wamaliseche. Sitingathe kumkana msanga, pakuti Malembo omwe amchitira umboni. Kumbukirani Yoasi, mfumu ya Yuda, amene anabisidwa ali khanda, nalongedwa ufumu ali ndi zaka 7, naleredwa ndi wansembe Yehoyada. Masiku onse a wansembeyo mfumu inachita zoongoka, nikonzanso nyumba ya Mulungu. Koma nkhalambayo itamwalira, akalonga anadza namgwadira Yoasi, iye nawamvera, natsata mafano. Ndipo pamene Zekariya, mwana wa Yehoyada yemweyo, anamdzudzula, mfumu inalamula kuti amponye miyala m'bwalo la Kachisi. Munthu amene sanaphunzira kukana ali yekha anagwa tsiku loyamba limene anafunsidwa ali yekha. Ndipo ndani wa ife sadziwa mpingo umene unali wamoto masiku a mphunzitsi wakutiwakuti, nuzirala mwezi womwewo anasamuka?

Komatu pa Njuyu sizinatero. Koyi anamwalira 1886, ndipo Mawelera Tembo ndi Makara Tembo anabatizidwa m'chaka cha 1890, oyamba mwa Angoni a dziko limenelo, zitapita zaka zinai mwini chitsanzo ali m'manda. Mawelera anakhala mlaliki ndi mkulu wa mpingo, napeka nyimbo m'maimbidwe a makolo ake, zimene mipingo ya kumpoto inazilandira nizisunga. Nsalu yobwereka siikhala chomwecho. Tsono kusiyana kwa Yoasi ndi ana a Tembo kuli pati?

Tiyesa kuti amai a m'mudzi atiyankha bwino koposa anzeru a m'mabuku. Moto ukazima m'nyumba, pali njira ziwiri. Mungathe kupita kwa mnansi kukaotha, ndipo mudzafundadi, malinga mukhale pomwepo. Koma mukatuluka, mphepo ikupezani monga kale. Kapena mungathe kutenga phale, nimupala khala limodzi, nimuthamanga nalo kwanu, nimuikapo udzu ndi tinkhuni tanu, nimuuzira kufikira maso alira ndi utsi. Moto umenewo unachokera kwa mnansi, inde, ndipo palibe manyazi pamenepo, pakuti palibe nyumba m'mudzi imene sinapalepo moto. Koma pofika madzulo uli wanuwanu, ndipo wa mnansi ungazime, wanu uyakabe. Yoasi anaotha moto wa Yehoyada zaka zambiri, koma sanapala. Anyamata aja anapala. Ndipo nkhuni zao zinali maulendo aja a usiku, pamene anayenda ndi mapazi ao, mumdima wao, Koyi ali m'nyumba. Ulendo uli wonse unali waung'ono, woti mnyamata wamantha angaukhoze. Koma pobwera anali atadziwa kanthu kena za iye mwini kamene palibe mlaliki akanamuuza.

Apa pali mau kwa ife amene tiri akulu. Alipo atsibweni ena okonda mwana koposa muyeso, amene amnyamula paphewa nthawi zonse pooloka; ndipo mwanayo afika pa msinkhu wa kumera ndebvu asanaidziwe miyala ya pansi pa madzi. Alipo enanso, ndipo awa ndiwo oipirapo, amene akondwa kuti anthu aziwaotha, nakana kupatsa khala, pakuti kudaliridwa kuwakomera. Mkulu wa mpingo wonenera anthu ake pa bwalo liri lonse, wosalola mnyamata kutsegula pakamwa kuti angalakwitse, alikulera a Yoasi. Mneneri Elisa, pamene mnyamata wake anadzuka m'mamawa pa Dotana naona mudzi wazingidwa ndi akavalo ndi magareta a Aaramu, sanamuuza kuti abisale kumbuyo kwake. Anapempha kuti maso a mnyamatayo atseguke, aone yekha chimene mbuye wake analikuona. Mtsogoleri woona afuna kuti womtsata afike podalira Iye amene mtsogoleriyo adalira, ndipo akondwa tsiku limene safunikanso.

Koma wotsutsa uja sanathe. Ati, nanga ankhondo aja anamuopsa Koyi, sanaphunzira kodi kulimba mtima kwao mwa njira yomweyi, poyang'ana akulu ao obwera ku nkhondo alikutamidwa ndi mudzi wonse? Indedi, anaphunzira chomwecho, ndipo tisabise. Moto wopala uphika nsima, utenthanso nkhokwe. Mnyamata woyamba kuba, woyamba kumenya mkazi wake, woyamba kutola mwala pa maliro, nayenso anaona wina alikuchita osaopa, mantha ake nachoka. Chifukwa chake sikukwanira kufunsa ngati munthu amene timtsata ali wopanda mantha. Tifunse makamaka kuti, nanga chimene iye aopa nchiyani? Pakuti palibe munthu wosaopa kanthu konse. Tisiyana pa chimene tichiika pamwamba. Wankhondo uja sanaopa mkondo chifukwa anaopa koposa kutchedwa wamantha pamaso pa anamwali. Koyi anapirira mkondo chifukwa anaopa koposa kuchimwira Mulungu ndi kutaya anthu amene anatumidwa kwa iwo. Ndipo kulimba mtima kwa khamu, kuja tikuona anthu makumi asanu atazinga nyumba ya nkhalamba imodzi, sikuli kulimba mtima konse. Ndiwo mantha omwewo atabvala nthenga. Mumtenge mmodzi wa iwo, mumuike yekha pa khomo lomwelo usana, muone ngati adzatola mwala.

Tinenenso pang'ono za kusiyana kwa chitsanzo chakutali ndi bwenzi lapafupi. Mbiri ya Koyi itithandiza, koma Koyi sangathe kuona miyendo yathu irikunjenjemera, kapena kutiuza mwala woterera uli pati pa dooko lathu. Pafunika munthu wamoyo, ndipo sikuti akhale wamkulu kapena wotchuka. Usiku uja Gideoni anauzidwa kutsikira ku misasa ya Amidyani, Mulungu sanamdzudzula chifukwa cha mantha ake, koma anamlola kutenga mnyamata wake Pura. Sitiwerenga kuti Pura ananena mau ndi amodzi omwe, kapena kuti anasolola lupanga, anangopita naye. Ambiri a ife sitidzakhala a Gideoni, koma palibe wochepa kotero kuti sangakhale Pura kwa mnzake wopita ku chipatala kukamva zotsatira za mwazi wake, kapena kwa wamasiye wopita ku bwalo kumene abale a mwamuna alikufuna kumlanda munda.

Ndipo pano tiri ndi chodandaula ndi akulu anzathu, ife tomwe tiri m'kati. Tikonda kusimba za ubwana wathu monga ngati tinabadwa ndi mtima wa mkango. Potero tiyesa tirikulimbikitsa ana, koma tirikuwafoketsa. Pakuti mwana amva mtima wake ulikugunda, nati, ine sindiri wa mtundu wa atate, njira yao si yanga. Paulo sanachita manyazi kuuza Akorinto kuti anafika kwa iwo ali wofoka ndi wonthunthumira, ndipo tiyesa kuti Timoteo, amene aoneka kuti anali mnyamata wamanyazi, anapindula ndi kudziwa chimenechi monga anapindula ndi malangizo onse. Tisafulumirenso kutaya wobwerera panjira. Yohane Marko anasiya Paulo ndi Barnaba pa Pamfuliya nabwerera ku Yerusalemu, ndipo Paulo anakana kumtenganso. Koma Barnaba anamtenga, napita naye ku Kupro, kufikira Paulo yemweyo, ali m'ndende mu ukalamba wake, anamuitanitsa monga munthu wothandiza. Kumbukiraninso Isaac Wauchope uja anabwezedwa panjira m'chaka cha 1876. Chinambweza ndi nthenda, si mantha. Koma manyazi a wobwerera anzake alikupitirira ali amodzimodzi. Anakhala mbusa ndi mlembi wodziwika kwao. Pa 21 February 1917, m'nkhondo yaikulu yoyamba, anali m'chombo chotchedwa Mendi, pamodzi ndi anthu akuda a ku South Africa opita kukagwira nchito ku France, pamene chombocho chinagundidwa ndi chinzake m'nkhungu pafupi ndi England, nichimira, nafa anthu oposa 600, iye yemwe pamodzi nao. Mbiri imene anthu a kwao asunga pakamwa iti, ndiye amene anaimirira m'chipwirikiti chimenecho, nakhazika mitima ya anzake pansi kuti akomane ndi imfa osatekeseka.

Tsono tibwere kwathu. Lamulo la boma la chaka cha 1911 linaletsa mwabvi, linaletsanso kutchula munthu mfiti. Zapita zaka zoposa 100, komabe m'masiku athu ano timva za nkhalamba zoponyedwa miyala ndi nyumba zao kutenthedwa, kawirikawiri ndi adzukulu ao omwe, m'midzi imene belu la tchalitchi lilira Sabata liri lonse. Pa khamu lotere Akristu sasowa. Ambiri a iwo sakhulupira kuti agogowo anapha munthu. Aimirira chete, manja kumbuyo, ali yense alikudikira kuti wina ayambe. Lamulo liri ku boma, kutali; chimene chisowa pa bwalo ndiye munthu woyamba kulowa m'madzi. Akulu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo likauma, lupsa lidutsa osaima.

Tidziwa mudzi wina, umene sitiutchula dzina, kumene mwana anamwalira ndi malungo a masiku awiri okha. Asanaike maliro, anyamata anayamba kunong'onezana, madzulo ndithu nakhamukira ku nyumba ya mlongo wa agogo a mwanayo, mai wokalamba wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Mkulu wina wa mpingo, munthu wa ndodo, wosadziwika ndi ulaliki wamphamvu, ananyamuka pa siwa osanena kanthu, napyola pakati pa khamulo pang'onopang'ono, nakakhala pansi pa khonde la maiyo, nati, "Amai, tagawireniko madzi akumwa, ndatopa." Maiyo anatuluka alikunjenjemera, nampatsa chikho, ndipo iye anamwa pamaso pa onse madzi a m'nyumba imene anati nja mfiti. Panapita kanthawi kotalika ngati chaka. Pamenepo mwana wa mlongo wake wa mkuluyo, mnyamata wophunzitsa Sande sukulu, amene anali ataima kumbuyo kwa khamu pakamwa pali gwa, anapita nakakhala pambali pake. Anatsatira amai awiri a chigwirizano, nakhala pakhomo penipeni. Miyala sinagwa yonse nthawi imodzi. Panali kutukwana kufikira usiku, ndipo ena sanalankhula ndi mkuluyo chaka chathunthu. Koma nyumba sinapsa, ndipo maiyo anafa imfa yake patapita zaka, naikidwa ndi nyimbo.

Pobwerera usiku umenewo mnyamatayo anafunsa, nati, "Atsibweni, kodi inu simunaope?" Nkhalambayo inati, "Tagwira dzanja langali, mwanawe." Analigwira, napeza liri lozizira, lirikunthunthumirabe. Ndipo inati, "Ndikadaima, miyendo ikadandipereka, ndicho chifukwa chake ndinakhala pansi. Ndinaona amai anga akuchita chomwechi ndiri mwana, pamene anafuna kumwetsa mwabvi mkazi mnzao, ndipo ine ndinawagwirira nsalu kumbuyo ndirikulira."

Mkuluyo anamwalira kale. Chaka china mau anafika m'mawa kuti ku mudzi wa tsidya lija kwagwa maliro a dzidzidzi, ndipo anthu ayamba kutchula dzina la nkhalamba ina. Mphunzitsi uja, tsopano bambo wa imvi zoyamba, anali kumunda. Anaika khasu pansi, nakatulutsa njinga yake, ndipo atafika pa mphambano anaima, nabwerera, naitana mwana wa mlongo wake, mnyamata wa zaka 15, nati, "Siya mbuzizo kwa mng'ono wako, ukwere kumbuyo kuno, tipite."